Mabowo Anayi Opanda Kanthu

Ndinawerenga mabowo aja katatu, nditaimika chithunzi cha X-ray pazenera la m'wodi kuti dzuwa lichiwalire kuseri. Chitsulocho chinali chachitali, choyambira pabondo n'kukwera m'mbali mwa ntchafu, choyera mbee pakati pa mdima wa chithunzicho. Kumunsi, pafupi ndi bondo, masikuluwu anali othinana ngati mano a chipeso. Kumtunda analipo anayi, otalikiranatalikirana. Koma pakati, pamalo penipeni pamene fupa linaphwanyika n'kusanduka mapale, panali mabowo anayi opanda kanthu. Ndinayang'ana mphwanga ali gone pabedi, milomo itauma ndi mankhwala a ku fiyeta, ndipo mumtima ndinangoti: atinyenga.

Amene anakolezera moto ndi bambo wina wa bedi loyandikana, wochokera ku Chikwawa, amene anathyoka mkono pakati pa chigongono ndi dzanja atagwa pangolo. Chithunzi chake ankachionetsa kwa aliyense ngati satifiketi. Zitsulo zake zinali zazifupi, masikuluwu atatu uku atatu uku, oyandikana, ndipo fupa linakumana bwino lomwe moti pothyokapo umachita kufunafuna. Uyu amudzazira, wathu amuumira. Kumalo ophikira magadiyani nkhani yotere sichedwa kupsa: wina anati misomali inatha m'chipatala, wina anati yabwino amasungira olipira, wina anati mwina anagwira ntchitoyo ndi ophunzira. Ine, mphunzitsi wathunthu wa masamu wokhala ndi choko m'zikhadabo, ndinameza zonsezo pamodzi ndi nsima yozizira. Sindinafunse aliyense wovala zoyera. Munthu wa ku Neno ukafika m'chipatala chachikulu cha m'tauni umaphunzira kuthokoza msanga ndi kufunsa pang'ono, kuopa kuoneka wovuta mbale wako akadali m'manja mwawo.

Komanso ndine mwana wa kalipentala. Malemu bambo akamapachika chitseko ankadzaza bowo lililonse la hinjesi, ngakhale sikuluwu yomaliza ikhale yochita kuzula pabenchi yakale. Akaona chitseko cha mmisiri wina chili ndi bowo losadzaza, ankapisapo chala n'kungoti, "Uyu anali ndi njala," kutanthauza kuti maganizo ake anali kale pandalama. Ndinakula ndikudziwa kuti kusamala chinthu ndiko kuchimanga mpaka dzanja litawawa, ndipo gwedegwede ndi ntchito ya waulesi. Ndiye pazenera paja sindinkaona fupa la mphwanga. Ndinkaona chala cha bambo chikulowa m'mabowo aja, limodzilimodzi.

Ngoziyo inachitika mu February, mvula ili pakati. Mphwangayo ankatsika kuchokera kwa Dambe panjinga yake yamoto ya kabaza, atamanga matumba awiri a kachewere kumbuyo, ndipo pamtsetse wina wa dothi lofiira loterera ngati therere njinga inamukana. Amene anayendapo m'misewu ya kumtunda kwa Neno nthawi ya dzinja safuna kufotokozeredwa. Ndinamupeza usiku ku boma, mwendo utamangiriridwa kuthabwa, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa panga sanali akuti pepa. Ndinati, "Ndinakuuza za njinga imeneyi." Iye anatembenukira kukhoma. Neno inakhala boma payokha mu 2003, ndipo Abwenzi Pa Za Umoyo atabwera mu 2007 tinaona chipatala chikumangidwa pa boma, china ku Lisungwi, moti matenda ambiri amene kale ankatithamangitsira kutali amathera konkuno. Koma fupa lophwanyika chotere, pafupi ndi bondo, anati n'la ku Blantyre. M'mawa mwake tinatsika msewu wamatope uja mpaka kukalowa m'tala wa ku Mwanza, kuwoloka Shire pa Zalewa, iye akuluma kolala ya malaya pabampu iliyonse. Mawu anga aja sitinawatchulenso, ngakhale m'masabata amene anagona mwendo ukukokedwa ndi cholemera podikira tsiku la opaleshoni.

Amene anandimasula anali dokotala wa mafupa wa kwathu konkuno, titapita kukaonetsa mwendo patatha masabata 6. Anali mmodzi wa ma clinical officer a mafupa aja, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985 pamene Dr. Ed Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18, poona kuchepa kwa madokotala akuluakulu a mafupa. Mpaka lero mafupa ambiri othyoka m'maboma amadutsa m'manja mwa anthu amenewa. Ndinalimba mtima chifukwa ndinali pakwathu. "Adokotala, kodi masikuluwu anatha kumeneko?" Sanandiyankhe msanga. Anatola lula ya pulasitiki patebulo pake. "Aphunzitsi, gwirani apa ndi apa." Anandigwiritsa ndi manja awiri, zala zazikulu zitatsala pang'ono kukhudzana pakati. "Pindani." Lula inali gwa. "Tsopano talikitsani manja." Inawerama mofewa ngati nsungwi yaiwisi, n'kubwerera. "Manja anuwo ndi masikuluwu awiri oyandikira pothyoka. Enawo ntchito yawo n'kugwira kuti chitsulo chisazuke. Koma awiri amenewa ndi amene amalamula kuti zidutswa za fupa zizisuntha bwanji mng'ono wanu akaponda. Mabowo amenewo anawasiya dala."

Dala. Ndinatuluka nawo mawu amenewo nkhope ikundiyaka, chifukwa bodza lija ndinali nditalifalitsa kale. Amayi anali atalinena kumvano, amalume anali atalinena pamsika, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wathu anamuika chitsulo choperewera. Kubweza nkhani yoipa n'kovuta kuposa kutola ufa wotayikira mumchenga. Koma chimene chinandikhala kwambiri ndi munthu amene nkhope yake sindinaione n'komwe, wa ku fiyeta uja. Ndinkamuona m'maganizo ataima, masikuluwu ali mbwee m'mbale pambali pake, bowo lili pululu patsogolo pake, iye n'kulidumpha. Bambo anga dzanja likanawayabwa. Kudzaza n'kosavuta, ndipo wodzaza palibe amamunena. Wosiya ndi amene magadiyani amamudya pophika.

Fupa limapola m'njira ziwiri, ndipo wochita opaleshoni amasankha njirayo ndi pamene waboola. Yoyamba ndi ya bambo wa ku Chikwawa uja. Fupa likaduka bwinobwino pawiri, amakumanitsa mbali ziwirizo n'kuzifinya kuti pasakhale mpata kapena kugwedera kulikonse, ndipo timaselo ta fupa timaboola tinjira towoloka mzere uja mpaka utafufutika, popanda chotupa. Ife a ku Neno izi timazidziwa m'munda wa manachesi: pokwatitsa mtengo, kanthambi ka nachesi umakadula mosalala, n'kukakhazika patsinde la mandimu, n'kumanga zolimba ndi pulasitiki. Kakagwedera ndi mphepo sikagwira. Njira yachiwiri ndi ya mwana wa mbuzi wothyoka mwendo, amene amayi amangomumangira timitengo ndi luzi n'kumusiya azitsimphina pabwalo. Pamenepo fupa limasunthasuntha pang'ono, ndipo kusunthako ndi kumene kumaitana thupi kuti limange: magazi oundana amasanduka mnofu wofewa, mnofuwo umasanduka chicherewecherewe, kenako fupa, mpaka pamalopo patatupa mfundo ngati ya nzimbe. Fupa lophwanyika ngati la mphwanga silingakwatitsidwe ngati nachesi. Kuti ulondole kachidutswa kalikonse n'kukaboola, uyenera kukasenda mnofu umene ukukapatsa magazi, ndipo umatsala ndi chithunzi chokongola cha mafupa akufa. Ndiye amangoyala chitsulo ngati ulalo, kugwira tsidya lino ndi tsidya linalo kuti mwendo uwongoke ndi kutalika monga unzake, mapale aja n'kuwasiya pakati osawakhudza.

Usiku wina ndinatha bandulo yonse ya intaneti ndikuwerenga, ndipo chimene chinanditonthoza n'chakuti madokotala nawonso anayamba ndi maganizo a bambo anga. Robert Danis wa ku Belgium, amene buku lake linatuluka mu 1949, ankafuna fupa lipole ngati chitsulo chowotcherera, popanda mfundo. Gulu la madokotala a ku Switzerland lotchedwa AO, limene Maurice Müller ndi anzake anayambitsa mu 1958, linatengera mtima womwewo: bwezera chidutswa chilichonse m'malo mwake, finya, limbitsa. M'zaka zimenezo mfundo ikaoneka pa X-ray pambali pa chitsulo inkatengedwa ngati umboni woti china chake chagwedera. Ndipo luso lawo silinali lamasewera. Chitsulo chimene anatulutsa mu 1969 chinali ndi mabowo otalikirapo ngati dzira, okhala ndi kamtsetse m'kati. Ukaboola fupa pakati pa bowolo, sikuluwu imangokhala phee. Ukaboola chakumphepete, kumbali yotalikira pothyoka, mutu wa sikuluwu pomangidwa umatsetsereka pakamtsetse kaja, ndipo fupa limakokeka pafupifupi milimita imodzi kukakumana ndi linzake. Bowo lomwelo, sikuluwu yomweyo, kusiyana kwake malo ochepa kuposa njere ya mapira. Bambo akanakhala moyo akanapempha kuti achigwire chitsulocho ndi manja, achitembenuze padzuwa.

Koma m'gulu lomwelo munali Stephan Perren, amene ankafufuza ku Davos, ndipo funso lake ine wa masamu ndinalimva msanga. Nkhani sinali yakuti fupa lasuntha mamilimita angati, koma kuti lasuntha bwanji poyerekeza ndi kukula kwa mpata. Mnofu wofewa woyamba uja umatha kutamuka kuwirikiza kutalika kwake osaduka. Chicherewecherewe chimapirira pafupifupi magawo 10 pa 100. Fupa lenileni limangolola magawo 2 pa 100, kupitirira apo limang'aluka. Tsono tengani mpata wa milimita imodzi, usunthe ndi theka la milimita: amenewo ndi magawo 50 pa 100, ndipo palibe fupa lingamere pamenepo. Kusuntha komweko pampata wa mamilimita 10 ndi magawo 5 okha, okwana kudzutsa thupi koma osakwana kung'amba zimene likumanga. Ndipo pamene pali zidutswa zambirimbiri, ming'alu yonse imagawana katunduyo, uliwonse kachigawo kake. Ndimeyo ndinaiwerenga kawiri, n'kutenga cholembera kuti ndiwerengetsere ndekha kuseri kwa pepala la mayeso. Zinatuluka chimodzimodzi: fupa lophwanyika kwambiri limapirira kugwedera kuposa lothyoka pamodzi.

Pa zonse zimene ndinawerenga, pali chimodzi chimene sichinandichoke, ndicho kuipa kwa kuima pakati. Fupa laduka pawiri, sanalifinye mpaka kukumana, patsala kampata kakang'ono, kenako aikapo chitsulo cholimba gwa ndi masikuluwu odzaza mpaka m'mphepete. Mbali ziwirizo sizikukhudzana kuti zilumikizane mwachindunji, komanso sizikusuntha moti mfundo n'kumera. Pachithunzi zimaoneka zaudongo. Miyezi imapita, kamzere kakuda kali pomwepo, ndipo chitsulo chimasenza chokha thupi lonse la munthu, n'kumapindika pang'ono pasitepe iliyonse pamalo amodzimodzi, monga timachitira ndi waya tikasowa chodulira, mpaka tsiku lina thyo! Kwa munthu wa ku Davos imeneyo ndi opaleshoni yachiwiri. Kwa munthu wa kwa Dambe ndi msewu uja kachiwiri, mbuzi zogulitsa, gadiyani wosiya munda nthawi yopalira, ndi mzere wa anthu amene ali kale patsogolo pake. Chodabwitsa china n'chakuti thupi lokha, likapeza kampata kothina kamene kakugwedera, limayamba ladya nsonga za fupa kuti mpatawo ukule, kugwederako kuchepe mphamvu, ndiye n'kuyamba kumanga. Limayamba lakulitsa bala. Kalipentala aliyense angazitche misala zimenezi.

Ndiyenera kunena zimene ndinachita mphwanga atatuluka m'chipatala. Ndinamutengera kunyumba kwanga kusukulu. Kiyi wa njinga ndinamuika m'chitini cha mabatani pamwamba pa kabati. Achipatala anatiuza kuti aziponda ndi zala pang'onopang'ono poyenda ndi ndodo, ndipo azipinda bondo tsiku lililonse ngakhale ziwawe. Ine, ndi mabowo anayi aja m'mutu, ndinaona kuti chitsulo choperewera masikuluwu n'chosayenera kuchiyesa. Ndinamuletsa kutsika pakhonde. Madzi osamba ndinkamutengera, ndowa yausiku ndinkataya ndekha, ana ndinawaopseza kuti asayandikire mwendowo. Akayesa kuimirira ndinkathamanga: "Iwe, ukufuna chiyani? Nena ndikupatse." Iye ankangoti, "Palibe, achimwene," n'kukhalanso pansi. Anthu a kutchalitchi ankandiyamikira. M'masabata 6 oyambawo bondo linauma, ndipo dokotala wa lula uja atalipinda n'kumva pamene laima, anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira chithunzi. Lero mphwanga amayenda, amalima, koma kunjuta ngati amuna anzake pamaliro sangathe. Amakhala mwendo umodzi atautambasula kutsogolo. Anthu amanena kuti bondo lovulala pafupi chotero limauma kawirikawiri ngakhale uchite zonse bwino. Ndimawamva. Masabata aja ndimawawerengabe.

Chithunzi cha mwezi wachitatu ndi chimene ndimachitulutsa kawirikawiri m'envulopu. Pamene panali mapale panayamba kuoneka kamtambo kotuwa, koma osati pansi pa chitsulo. Kanayambira kumbali inayo ya fupa, ya m'kati mwa ntchafu, kutali ndi pamene panagwiridwa. Dokotala uja anati zimachitikachitika ndi zitsulo za masiku ano zimene mutu wa sikuluwu umamangika m'chitsulo momwemo: munthu akaponda, chitsulo chimawerama ngati lula ija, mbali yogundana nacho imangosuntha pang'ono, mbali yakutali ndi imene imatseka ndi kutseguka, ndipo fupa latsopano limakonda kuyambira kumeneko. Pofika nthawi imeneyo mphwanga anali atayamba kuzemba ine ndili m'kalasi, kutsika ndi ndodo zake mpaka pagulosale ya pamsewu kukacheza ndi anzake a kabaza. Ndinamva kwa mwana wanga wamng'ono, amene anagulidwa ndi switi koma pakamwa sanatseke. Tsiku limenelo ndinakalipa. Kamtambo kaja kanali kakukula.

Ndikudziwa kumene maganizo amenewa akufuna kunditengera, ndipo ndimawakaniza. Munthu si fupa. N'kosavuta kukhala pansi n'kusandutsa X-ray kukhala ulaliki wakuti okondedwa athu tiziwamasulira chingwe, koma bambo wa ku Chikwawa uja akanamumasulira, mkono wake ukanatha kupola mokhota n'kulephera kutembenuza chikhatho polandira ndalama. Ndipo mabowo osadzaza akachuluka mopitirira, mwendo umagwedera mpaka fupa kulephera kugwirana. Wa ku fiyeta uja sanasiye mabowo chifukwa chofewa mtima. Anayang'ana mmene fupalo lathyokera, n'kuwerengetsera. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti ine sindinayang'ane. Ndinkayesa chathyoka ndi ntchafu basi. Sindinaone ngongole ya njinga imene inatsala theka, ngakhale manyazi a mwamuna wa zaka 27 wotayiridwa ndowa ndi mkulu wake. Zimenezo zinali mapale, zofuna kungoyalira ulalo n'kuchotsapo manja. Ndipo panali china chimene chinaduka pamodzi, mosalala, usiku uja ku boma, ndi mawu anayi a pakamwa panga. Chimenecho chinkafuna kukumanitsa msanga, kufinya, kunena kuti mphwanga ndinalakwa. M'malo mwake ndinasiya kampata n'kudzazapo masikuluwu: phala la m'mawa, ndalama ya thiransipoti, sopo, mankhwala a ululu. Ndati ndimawakaniza maganizo amenewa, koma taonani pamene andifikitsa.

Kiyi uja ndinamubweza patatha miyezi 8. Ndinangomuika patebulo pafupi ndi kapu yake ya tiyi, osanena kanthu, iyenso anangomuponya m'thumba. Kupepesa kwenikweni sindinapepesebe. Timangozungulirana ngati atambala otopa. Chaka chatha chitseko cha khitchini ya amayi chinagwa, chiswe chitadya felemu, ndipo tinapita tonse awiri Loweruka ndi zipangizo za bambo zimene zimakhala m'bokosi pansi pa bedi. Iye anagwira chitseko, mwendo uja atauponya pambali, ine ndikumanga hinjesi. Ndinalowetsa sikuluwu yam'mwamba, ndinalowetsa yam'munsi, ndipo pabowo lapakati ndinangopezeka ndaima, sikuluwu ili pamlomo, ndikuliyang'ana. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba.

"Achimwene," anatero mphwanga, chitseko chikumulemera, "ichi si ntchafu yanga. Dzazani onse."